Samuel Peploe: Wojambula Maluŵa, Ziŵiya ndi Mchenga wa ku Iona

Wailesi ili ndi mphamvu zambiri, koma pali chinthu chimodzi chimene siingathe kuchita: siionetsa mtundu wa chinthu. Imafikitsa kulira kwa ng'oma ndi mau a munthu ku midzi yakutali, koma kufiira kwa duŵa kumatsalira m'nyumba youlutsira mau. Motero kukamba za munthu amene adapereka moyo wake wonse ku mitundu ya utoto kuli ngati kufotokozera kutsekemera kwa uchi munthu amene sadaulaŵepo. Komabe nkhaniyi njotheka kuikamba, pakuti chimene munthuyo adachipeza womvera aliyense angathe kuchiyesa yekha pakhomo pake ndi nsalu yoyera ndi lalanje limodzi. Munthuyo ndi Samuel John Peploe wa ku Scotland, dziko lija kudachokera David Livingstone.

Peploe adabadwira mu mzinda wa Edinburgh pa 27 January 1871. Bambo wake adali mkulu wa ntchito m'banki. Mai wake adamwalira iye akali kamwana, ndipo bambo wake naye adatsatira mnyamatayo asanakhwime. Omulera adafuna kuti aphunzire ntchito yodalirika, namuloŵetsa mu ofesi ya maloya, koma mtima wake sudakhazikike pa mapepala a milandu. M'zaka zoyambirira za m'ma 1890 adayamba kuphunzira kujambula, poyamba ku Edinburgh komweko, kenaka ku Paris, pa sukulu ziŵiri zotchedwa Académie Julian ndi Académie Colarossi. Adakachezanso ku Holland, kumene adaona ntchito za akatswiri akale, Rembrandt ndi Frans Hals.

Zithunzi zimene zidamutchukitsa zili za magulu aŵiri. Gulu loyamba ndi la zithunzi za malo: magombe, mapiri, mitengo ndi nyumba za m'midzi. Gulu lachiŵiri ndi limene pa Chingerezi amalitcha still life, ndiko kuti zithunzi za zinthu zosayenda zimene wojambula waziyala yekha patebulo, monga botolo, mbale ya zipatso, jagi ndi maluŵa. Kwa munthu wozoloŵera kuona zithunzi za mafumu ndi za nkhondo, ntchito yotere ingaoneke yachabe, ndipo ngakhale ku Ulaya komweko idaŵerengedwa kwa zaka zambiri ngati yotsika koposa zonse. Koma ili ndi ubwino wake umene zina zilibe. Mfumu imatopa, imafuna kuoneka yokongola, ndiponso imalipira kuti ijambulidwe monga ifunira. Botolo silidandaula. Wojambula ali ndi ufulu wolisuntha, wolisinthira nsalu ndi woliyang'ana tsiku lonse kufikira atamvetsa chimene maso ake akuona.

Zithunzi zoyamba za Peploe zidali zamdima. Chimodzi chodziŵika ndi The Black Bottle, cha m'ma 1905, chimene chimasungidwa m'nyumba ya zithunzi ya fuko ku Edinburgh. Kumbuyo kwake nkwakuda bii; patsogolo pali tebulo loyalidwa nsalu yoyera, ndipo pansalupo pali botolo lakuda, ziŵiya zonyezimira ndi zipatso. Utoto adaupaka wonenepa ndiponso mofulumira, kotero kuti kunyezimira kwa chiŵiya chasiliva ndi mkwaso umodzi wokha wa burashi. Pa kajambulidwe aka chimene chimagwira ntchito ndi kusiyana kwa mdima ndi kuŵala. Chinthu chimaoneka choburungira chifukwa mbali ina njoŵala ndipo mbali ina ikuloŵa pang'onopang'ono m'mdima. Mitundu ngati kufiira ndi chikasu imangobwera ngati zokometsera. Njira imeneyi adaiphunzira kwa Hals ndi kwa Mfalansa Édouard Manet, ndipo adaidziŵa bwino kwabasi. Anthu a ku Edinburgh adaikonda. Chionetsero chake choyamba cha iye yekha chidachitika m'chaka cha 1903 ku Scottish Gallery, ndipo njira ya chuma ndi ulemu idaoneka yotseguka.

Koma Peploe adali ndi bwenzi, John Duncan Fergusson, wojambula mnzake wa ku Leith, ndipo aŵiriŵa ankapita limodzi kukajambula m'magombe a kumpoto kwa France nyengo yotentha. Nthaŵi imeneyo ku Paris kudali chipwirikiti. M'chaka cha 1905 Henri Matisse, André Derain ndi anzao adaonetsa zithunzi za mitundu yoŵala koopsa, nkhope zokhala ndi mizere yobiriŵira ndi mitengo yofiira, mwakuti wolemba nkhani wina, Louis Vauxcelles, adaŵatcha les Fauves, kutanthauza zilombo zakuthengo. Fergusson adasamukira ku Paris m'chaka cha 1907, nayamba kumukoka mnzakeyo. M'chaka cha 1910 Peploe adakwatira Margaret Mackay, mkazi wa ku chilumba cha South Uist amene adadziŵana naye zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo chaka chomwecho adasamukira ku France. Mwana wao woyamba, Willy, adabadwira kumeneko.

Kuti munthu amvetse chimene chidamusintha, ayenera kubwerera m'mbuyo pang'ono kukaona nkhani ya ulusi. Ku Paris kuli malo otchuka oombera nsalu zokongoletsera makoma, otchedwa Gobelins. M'chaka cha 1824 katswiri wa sayansi, Michel Eugène Chevreul, adaikidwa kukhala woyang'anira ntchito yonyika ulusi kumeneko, ndipo adalandira madandaulo akuti ulusi wina wakuda sudali kuda mokwanira. Ataupima adapeza kuti ulusiwo udalibe cholakwa. Chimene chinkausintha chidali ulusi wa mitundu ina umene udaombedwa pambali pake. Diso la munthu siliona mtundu uli wokha. Limauona pamodzi ndi mnansi wake, ndipo mnansiyo amausintha. Chevreul adalemba zimenezi m'buku limene lidatuluka m'chaka cha 1839, ndipo ojambula a ku France adazigwiritsa ntchito kwa mibadwo iŵiri.

Zimenezi nzosavuta kuziyesa. Munthu atenge lalanje lakupsa, aliike pa nsalu yofiira, kenaka aliike pa nsalu ya buluu, mtundu uja wa thambo lopanda mitambo. Pa nsalu yofiira lalanjelo limazirala. Pa nsalu ya buluu limayaka ngati khala la moto, chonsecho ndi lalanje lomwe lija. Mitundu ina imakhala paŵiripaŵiri ngati otsutsana amene amalimbikitsana: kufiira ndi kubiriŵira kwa msipu, buluu ndi mtundu wa lalanje, chikasu ndi pepo. Tsono aike lalanjelo pa nsalu yoyera kunja m'maŵa, ayang'anitsitse mthunzi wake. Aliyense amati mthunzi ngwakuda, koma woyang'ana mofatsa adzaona kuti uli ndi kabuluu, popeza thambo likuunikamo, ndipo pafupi ndi chipatsocho nsalu yatenga kufiirira kwa khungu lake. Nsalu yoyera siyera paliponse. Pamenepa ndi pamene padagona nkhani yonse ya Peploe kuyambira 1910. Ngati mthunzi uli ndi mtundu, ndiye kuti wojambula angathe kuumba chinthu popanda mdima, pongoika mtundu wotentha pambali pa mtundu wozizira. Ndipo ngati mtundu uliwonse umasintha mnzake, ndiye kuti kusuntha chipatso chimodzi patebulo nkusintha chithunzi chonse.

Zithunzi zimene adajambula ku Paris ndi ku doko la Royan zidatsata nzeru imeneyi mopanda mantha. Mdima uja udachoka. M'malo mwake mudabwera chikasu, buluu ndi kufiira kosasungunula, ndipo zinthu adazizunguliza ndi mizere yakuda yokhuthala kuti mtundu uliwonse ukhale m'malire ake.

M'chaka cha 1912 adabwerera ku Edinburgh ndi katundu wa zithunzi zatsopanozi, ndipo wogulitsa zithunzi amene ankamudalira adakana kuzionetsa. Apa mpofunika kuganizira mmene zinthu zidaliri. Peploe adali ndi zaka 41, mkazi ndi mwana wamng'ono, ndipo ntchito yake yokha idali burashi. Njira ya mdima ija adali asanaiiŵale. Akadafuna, akadatha kujambula mabotolo akuda ena khumi, naŵagulitsa msanga. Munthu wanzeru za malonda akadachita zomwezo, ndipo palibe akadamudzudzula. Iye sadabwerere. M'chaka cha 1913 adakonza yekha chionetsero chake mu mzinda womwewo, ndipo ambiri mwa amene kale ankamuyamika adaona ngati France yamuononga mutu. Chodabwitsa nchakuti Peploe sadali munthu waphokoso kapena wokonda mikangano. Omudziŵa adamufotokoza ngati munthu wamanyazi, wofatsa ndi wosalankhulalankhula. Kuuma mtima kwake kudali pa chinthu chimodzi chokha, ndicho kukana kujambula zimene maso ake adali atasiya kuzikhulupirira.

Nkhondo yaikulu itabuka m'chaka cha 1914, chaka chimene mwana wake wachiŵiri Denis adabadwa, madokotala adamupeza wosayenera usilikali. Adapitiriza ntchito yake mwakachetechete, nthaŵi zina ku tauni ya Kirkcudbright, ndipo m'zaka zimenezi adaphunzira kwambiri pa zithunzi za Paul Cézanne, amene ankamanga chipatso kapena phiri ndi timagawo ta utoto ngati mmisiri woyala njerwa. Pang'onopang'ono ogula adayamba kuzoloŵera. Alexander Reid, wogulitsa zithunzi wa ku Glasgow amene pa unyamata wake adakhala nyumba imodzi ndi Vincent van Gogh ku Paris, adayamba kuonetsa ntchito zake. M'chaka cha 1918 bungwe la Royal Scottish Academy lidamulandira pa gawo loyamba la umembala, ndipo m'chaka cha 1927 adakhala membala wathunthu.

Kuyambira 1917 chipinda chake chojambulira chidali pa mseu wa Shandwick Place ku Edinburgh, ndipo m'menemo mudatuluka zithunzi zimene anthu ambiri amamudziŵa nazo. Zinthu zake zidali zochepa ndiponso zomwezomwezo chaka ndi chaka: mtsuko wa ku China wa mtundu woyera ndi buluu, mbale ya miyendo yoikamo zipatso, chokupizira mphepo chakuda, kansalu kakuda, buku, malalanje, maapozi, ndi maluŵa, makamaka marozi ndi matulipu. Chithunzi chimodzi chingafotokozedwe motere. Patebulo loyera pali mtsuko, ndipo m'mtsukomo muli marozi atatu kapena anai a pinki. Kumbuyo kwapachikidwa nsalu ziŵiri, ina ya buluu wakuya, ina ya mtundu wa lalanje. Patsogolo pagona kansalu kakuda kopindika, ndipo pambali pake pali chipatso chimodzi. Palibe china. Koma buluu uja ndi amene akuyatsa lalanje, kuda kwa kansalu ndi kumene kukuyeretsa tebulo, ndipo pinki wa maluŵa wabwerezedwa mochepa m'mthunzi wa mtsuko kuti diso liyende mozungulira osatuluka m'chithunzi. Munthu akaphimba kansalu kakuda kaja ndi chala, tebulo lonse limazirala nthaŵi yomweyo.

Abale ake adasimba kuti ankatha masiku akungoyala zinthuzo, kusuntha chipatso pang'ono, kusintha nsalu, kubwerera m'mbuyo ndi kuyang'ana, asanagwire burashi nkomwe. Kuchedwa kotere kudali ndi mtengo wake, pakuti maluŵa sadikira munthu. Rozi limayoyoka, ndipo tulipu, duŵa looneka ngati chikho pa phesi lalitali, limapitiriza kukula ngakhale litadulidwa, nkumapindikira kumene kukuchokera kuŵala, kotero kuti zimene wojambula adayala Lolemba zimakhala zitasintha pofika Lachitatu. Ku Edinburgh nakonso dzuŵa la mwezi wa December limakhala maola asanu ndi aŵiri okha. M'kalata ina ya m'chaka cha 1929 Peploe adauza mnzake kuti m'zinthu wamba ngati maluŵa, masamba ndi majagi adali kupezamo zambiri za mitundu, maumbidwe ndi kugwirizana kwake, mwakuti sankaona kuti chinsinsi chake chingadzathe.

Mbali ina ya ntchito yake idachitikira kunja, pa chilumba cha Iona, kumadzulo kwa Scotland. Chilumbachi nchaching'ono, pafupifupi makilomita 5 m'litali, koma nchotchuka chifukwa mpamene Columba adafikira kuchokera ku Ireland m'chaka cha 563, namangapo nyumba ya amonke. Amene adatengera Peploe kumeneko m'chaka cha 1920 ndi mnzake Francis Cadell, ndipo kuyambira pamenepo ankabwererako pafupifupi chaka chilichonse kufikira 1933. Alendo ambiri amapita ku Iona kukaona tchalitchi chakale ndi manda a mafumu. Peploe ankakonda kumpoto kwa chilumbacho, kumene kuli mchenga woyera mbee, matanthwe akuda ndi ofiirira, ndipo patsidya pa madzi pakuoneka phiri la Ben More la pa chilumba cha Mull.

Madzi a pamenepo ndiwo adamugwira mtima. Pamene nyanja ili yosaya ndipo pansi pali mchenga woyera, kuŵala kumabwerera kuchokera pansi, ndipo madzi amaoneka obiriŵira moŵala. Pamene pali zomera za m'madzi amasanduka pepo. Pakuya amakhala buluu wakuda. Mtambo ukadutsa zonsezi zimasinthana malo m'kanthaŵi kochepa. Pa Chicheŵa mau akuti kubiriŵira amanyamula msipu ndi madzi akuya omwe, ndipo nzochititsa chidwi kuti m'chinenero cha Gaelic, chimene anthu a ku Iona ankalankhula masiku amenewo, mau akuti gorm nawonso amatchula thambo ndi udzu womwe. Zinenero zimatha kuphatikiza zinthu zotere m'mau amodzi, pakuti wolankhula ali ndi zina zoti achite. Wojambula alibe mwai umenewo. Ayenera kusakaniza mtundu uliwonse pawokha ndi kuuika pamalo pake mphepo isanasinthe.

Cadell ankakonda masiku a dzuŵa, koma Peploe kaŵirikaŵiri ankasankha masiku a mitambo ndi mphepo, pamene kuŵala kuli kofeŵa ndipo mitundu ya matanthwe ndi madzi imaoneka yozama. Onse aŵiri ankakonza pojambulapo pao ndi choyera china chomwa mafuta a utoto, kuti chithunzi chiume chosanyezimira, chouma ngati choko, monga momwe mchengawo umaonekera. Cadell ankachita kulemba kumbuyo kwa zithunzi zake chenjezo lakuti asazipake vanishi. Ndipo woyang'ana bwino amaona kuti Peploe ankagwira gombe monga ankagwirira tebulo lake: thanthwe lili pamalo pa mtsuko, mchenga pamalo pa nsalu yoyera, phiri lakutali pamalo pa nsalu yopachika kumbuyo. Kusiyana kwake nkwakuti thanthwe sakadatha kulisuntha, motero ankasuntha yekha kufikira zinthu zitakhala bwino.

Masiku ano dzina la Peploe limatchulidwa pamodzi ndi ena atatu, Fergusson, Cadell ndi Leslie Hunter, ndipo anaiŵa amatchedwa Scottish Colourists. Iwo sadapange bungwe, ndipo dzinalo lidakhazikika atatu mwa iwo atamwalira kale. Adaonetsa zithunzi pamodzi katatu kokha: ku Paris m'chaka cha 1924, ku London m'chaka cha 1925, ndi ku Paris kachiŵiri m'chaka cha 1931. Pa chionetsero cha 1924 boma la France lidagula chithunzi cha Peploe, patangopita zaka 12 chikanidwire kwao.

Pali omudzudzula, ndipo mau ao sayenera kutayidwa. Amati sadayambitse njira yatsopano, koma adangotenga za Matisse ndi Cézanne nazifeŵetsa kuti zilandiridwe m'zipinda zochezera za anthu olemera a ku Edinburgh ndi Glasgow. Amatinso m'zaka zimene amuna zikwizikwi a m'mafakitale opanga zombo pa mtsinje wa Clyde adali pa ulova, iye adali kujambula marozi. Zonsezi nzoona. Nzoonanso kuti marozi atayamba kugulika adaŵajambula kambirimbiri, ndipo zithunzi zina za m'ma 1920 zimaoneka ngati zidapangidwa ndi dzanja lozoloŵera, mtima uli kwina. Koma kunena kuti ankangobwereza chinthu chimodzi nkulephera kuona. Woika zithunzi zake zabwino zisanu pamzere adzapeza mtsuko womwewo, koma funso losiyana m'chithunzi chilichonse: kodi pinki angapirire pambali pa lalanje? Kodi kuyera kungakhale ndi mitundu ingati kusanaleke kukhala kuyera? Ndipo munthu amene adataya msika wake ali ndi zaka 41 chifukwa cha mafunso otere sangatchedwe wongotsata ogula.

M'zaka zake zomaliza mitundu yake idatsika, nikhala yofiirira ngati dothi ndi yobiriŵira mwakuya, makamaka m'zithunzi za mitengo. M'chaka cha 1933 adayamba kuphunzitsa pa Edinburgh College of Art, koma thanzi lake lidafooka ndipo sadakhalitsepo. Adamwalira ku Edinburgh pa 11 October 1935 ali ndi zaka 64, naikidwa m'manda a Dean. Mwana wake Denis adakhalanso wojambula.

Zithunzi zake zambiri zimaonedwa ku Kirkcaldy, tauni ya m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Fife, kumene nyumba ya zithunzi ili nazo zopitirira 40. Zochuluka mwa izo zidachokera kwa John Waldegrave Blyth, mwini fakitale ya nsalu, amene ankazigula Peploe akali moyo. Zina zili ku Edinburgh, Glasgow ndi Aberdeen. M'mwezi wa May 2011, pa msika wa Christie's ku London, chithunzi chake chimodzi chidagulidwa pa mtengo wa mapaundi 937,250. Chidali chithunzi cha tebulo lokhala ndi poto wa khofi, cha m'ma 1905, chimodzi mwa zamdima zija zimene adazisiya popita ku Paris.